Malata Amene a Yoramu Anasiya

A Yoramu anali mkamwini m'mudzi mwathu, kufupi ndi Kandeu, kwa zaka pafupifupi makumi anayi. Kwawo kunali ku Manjawira. Paunyamata anagwirako ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo anabwerako ndi chifuwa chosatha, sutikesi yachitsulo, ndi malata amene anagula ali m'njira. Malatawo anafolera nyumba imene anamangira akazi awo, a Lufina, pamalo a kuchikazi, monga amachitira mkamwini aliyense. Nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo. Chimwalirireni amuna anga sindiyendayenda, choncho zambiri ndinkazionera pakhonde.

Mwana wawo mmodzi yekhayo anamwalira pobereka, n'kusiya khanda, Tisunge. Bambo ake a khandalo sanaonekenso. A Lufina akapita kudimba, a Yoramu ndiwo ankaphika phala, n'kumubereka Tisunge ndi chitenje. Amuna anzawo ankawaseka.

"A Yoramu, kodi mkaka wayamba kutuluka?"

"Ukatuluka ndiyambira inu, mwaonda," ankayankha choncho osaima n'komwe.

Mu 2014, Tisunge ali Sitandade 5, a Lufina anamwalira. Kumeta kutatha, akuchikazi anawasudzula a Yoramu, kuwamasula kuti abwerere kwawo poti ukwati watha. Panalibe chidani, ndi mwambo. Koma mwana ndi wa mbumba ya amayi ake, ndiye Tisunge anayenera kutsala ndi a Veronica, mng'ono wa a Lufina. A Veronica anali atanena kale kuti mtsikanayo wakula, apite ku Lizulu akathandize msuweni wake kugulitsa mbatata ya kachewere. Sukulu ikanathera pomwepo.

Eni mbumba, powamvera chisoni a Yoramu, anati akhoza kusasula malata awo akafolere kwawo. Iwo anayang'ana denga nthawi yaitali.

"Ndichotse, Tisunge azigona pamvula?"

Anachoka ndi sutikesi ndi khasu basi.

Patatha sabata ziwiri anafika pakhomo panga.

"Amake Chiso, inu munafika Fomu 2. Ndamva kuti ku boma kuli khoti la ana, limapereka mwana kwa womulera ngakhale akhale mkamwini. Ndilembereni kalata."

Ndinatenga kope. Anayamba kundiuza kuti Tisunge amaopa mabingu, ndipo akadwala malungo salandira china koma phala la mpunga. Ndinawauza kuti zimenezo si za kukhoti.

"Lembani basi. Adziwe kuti ndimamudziwa."

Kalaliki wa khoti anatithandiza kudzaza mafomu, n'kunena kuti mayi wa ku ofesi yoona za ana adzayendera mbali zonse ziwiri. Mayiyo anayamba ku Manjawira. Kumeneko makolo a a Yoramu anatha kalekale, munda unagawidwa kwa ana a alongo awo. Anawapeza akugona m'kakhitchini kaudzu kopanda chitseko. Kenako anabwera kwathu, n'kupeza nyumba yamalata yosesedwa bwino, a Veronica atasamukiramo.

Tsiku la mlandu ndinapita ngati mboni. Ndinanena zimene ndinkaona, ngakhale anandiuza kawiri kuti ndikweze mawu. A majisitireti analankhula ndi Tisunge payekha m'chipinda, kenako anatembenukira kwa a Yoramu.

"Bambo, tikakupatsani mwanayu, mukagona naye kuti?"

"Ndiumba njerwa, bwana."

"Nanga denga?"

A Veronica ndiwo anayankha.

"Malata tinawapatsa, anakana okha."

"Sindinakane, alamu. Ndinasiyira mwana."

A majisitireti analemba nthawi yaitali. Chigamulo chinali chakuti womuyang'anira Tisunge mwalamulo akhala a Veronica, chifukwa ndi kumene kuli nyumba ndi munda. Koma asasiye sukulu, za ku Lizulu ziiwalike, ndipo agogo ake azimuona nthawi iliyonse imene afuna. A Yoramu akadzakhala ndi nyumba, adzabwerenso kudzapempha.

Panja Tisunge anawagwadira pafumbi.

"Agogo, ine ndinawauza kuti ndikufuna inu."

"Ndikudziwa, mayi. Dzuka, yunifolomu ikuda. Pita, agogo ako enawo akudikira pa minibasi."

Njerwa anaumbadi. Khoma linafika pa mawindo, chifuwa n'kuwagwira mwamphamvu. Komabe ankabwera mwezi ndi mwezi. A Veronica ankawayalira mphasa panja, ngati mlendo, pakhomo pamene anamanga okha. Mvula ikayandikira ankabwera ndi misomali m'thumba, n'kubwereka makwerero anga. Ankakwera pang'onopang'ono, akupumira pa sitepe iliyonse, n'kumakhomerera pamene padakwezeka.

Anamwalira mu Okutobala 2016, ndipo tinakawaika ku Manjawira. M'sutikesi munapezeka jekete lakale, chigamulo cha khoti chokulunga mu pepala lapulasitiki, ndi misomali imene anagula pokonzekera mvula ya chaka chimenecho.

Tisunge sanapite ku Lizulu. Ali Fomu 3 tsopano, ndipo akugonabe m'nyumba yomweyo. Mabingu akayamba amawoloka bwalo kudzakhala nane, monamizira kudzapala moto. Sindimufunsa. Chaka chatha denga linayamba kudontha kuchipinda kwake, ndipo anabwera kudzabwereka makwerero, misomali ija ili m'manja.