Khoma la Mawu la Esnati

"Penti waulere! Ukundiuza za penti waulere iwe? Bwanji sunawauze akupake kumaso kwakoko, chitsiru cha mwana!"

Anali Mateyo ameneyo, wokonza njinga pamsewu wa ku eyapoti ya Mfuwe, sipanala ili m'manja, akukalipira Clinton, mwana wa mlongo wake Esnati. Kumbuyo kwawo khoma la nyumba ya Esnati linali waliwali, chithunzi cha sopo chili pakati. Dzulo lake anyamata a kampani ina anadutsa akupempha makoma oyang'ana kumsewu kuti apakepo malonda awo. Clinton anavomera, mai ake ali ku Chipata kokaonetsa maso.

"Amalume, ine ndimati akabwera apeze nyumba yokongola."

"Tseka pakamwa!"

Mateyo analipo tsiku limene nkhani ya khomali inayamba. Esnati ali giredi fili analemba pabolodi kuti "manzi", monga amanenera kwawo m'Chikunda, pomwe sukulu inkafuna "madzi" a Chinyanja. Ana a anthu a kuboma anaseka mpaka kugwira nthiti, n'kumupatsa dzina loti Manzi. Kusukuluko sanapondekonso. Anakwatiwa, analima thonje, anathamangitsa njovu m'munda ndi zitini ngati mkazi aliyense wa ku Lupande. Koma liwu lija linamukhala pakhosi ngati munga wa mlamba.

Ennie, mwana wake woyamba, atabwera kuchokera kusukulu akulira chifukwa cha vuto lomwelo, Esnati sanapite kukazazira aphunzitsi monga Mateyo ankafunira. Anakumba dothi lofiira, anasinja makala, n'kupita kukhoma. Kofiira analemba mawu a kunyumba, kwakuda mawu a kusukulu. Manzi, madzi. Ng'anda, nyumba. Kulya, kudya. Munthu wa giredi fili!

Ndiye sanalekere pomwepo. M'tchalitchi anzake akamvetsera uthenga, iye ankamvetseranso mmene mawu akupindikira. Ankatola pawailesi, pamsika, ngakhale pamaliro. Chaka china anajambula mtengo waukulu, tsinde lake "dya", nthambi zake ndinadya, ndikudya, ndidzadya, ndikadadya, mpaka zinakafika kudenga. Chaka china anasanja mayina m'mabanja, munthu ndi anthu uku, chitsa ndi zitsa uko.

"Mawu ali ndi abale awo ngati ife," ankauza ana. "Chitsa ukachinena kuti 'uyu' chimakwiya. Ndi 'ichi'. Ukachilakwira chikupunthwitsa."

Ana ankaima pakhomapo m'mawa, zikwama kumsana, milomo ikugwedera. Ophika ndi ochapa a m'maloji ogona alendo odzaona nyama, ochokera kutali, ankatsika njinga kudzaona mmene angapatsire moni apongozi. Mvula ikabwera inkatsuka zonse. Ikatha, Esnati ankazira khoma n'kulembanso zochokera m'mutu, osataya liwu, n'kuwonjeza zatsopano. Mateyo, munthu amene sanagonjepo pamkangano kuyambira ku Mambwe mpaka kumlatho wolowera kumalo osungira nyama, akafika pakhomalo ankavula kapusi. Sankadziwa kuti zinthu zimene amangolavula tsiku lonse zili ndi mizu ndi nthambi chotero. Akaledzera ankauza aliyense kuti mlongo wake ali ndi dikishonale m'chigaza, ndipo wotsutsa abwere ayese.

Chaka chino maso a Esnati anachita ng'ala. Analemba mphuno itagunda khoma, dzanja lina likupapasa mzere, milungu ndi milungu. Atamaliza anasamba m'manja n'kuuza Mateyo kuti, "Achimwene, ili ndi lomaliza. Mulitchinge ndi udzu mvula isanabwere." Udzuwo Mateyo anali atamweta kale, uli mulu kuseri kwa shedi yake.

Tsopano anakanda khomalo ndi sipanala. Penti wamafuta, wokakamira. Pansi pake panatuluka fumbi lofiira lokhalokha, popanda chilembo ngakhale chimodzi.

Atsikana awiri a yunifomu anapatuka pamsewu monga mwa masiku onse, n'kuima kukamwa yasa, akuyang'ana sopo.

"Agogo," anatero wamkuluyo, "mawa tili ndi mayeso. Timafuna tione, dzino likachuluka timati chiyani?"

Mateyo anatembenukira Clinton.

"Wamva? Ayankhe! Funsa sopo wakoyo akuuze! Ndipo basi ya ku Chipata ikafika, ine sindikalandira munthu. Ukaime wekha pasiteji, uwagwire mkono mai ako, uwabweretse pano, uwauze ndi pakamwa pako kumene wawapititsa mawu awo!"