Mwana amene ankadikira basi ya ku Lusaka

Zinayamba Lachinayi, pa 16 Juni 1994, cha m'ma 4 koloko madzulo. Abwana a pasitolo ya nsalu pomwe ndinkagwira ntchito ya ukalaliki anandituma kusiteshoni ya mabasi kukalandira katundu wochokera ku Lusaka. Kunkawomba mphepo yozizira, yonyamula fumbi ndi makoko a nzimbe. Ndikudikira, ndinaona mtsikana wamng'ono wovala yunifolomu ataima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, manja atabisa m'khwapa. Basi itaima, anasendera pachitseko n'kumayang'ana nkhope ya mayi aliyense wotsika. Anthu atatha, anabwerera pamalo pake.

Anali mwana wa mlongo wanga, ndipo ankakhala m'nyumba mwanga.

Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ali Giredi 3. Bambo ake anamwalira iye asanayambe kuyenda. Mayi ake, mlongo wanga wamng'ono, anadwala nthawi yaitali kumudzi kwathu cha ku Tamanda, kenako anakwera basi kupita kuchipatala ku Lusaka. Anamwalira kumeneko mvula ikutha, ndipo tinamuika komweko. Akuluakulufe tinapita n'kubwerako. Mwanayo sanaone bokosi, sanamve nyimbo za maliro, sanaone manda. Akulu anga, omwe ndiwo mwini mbumba, anagamula kuti asauzidwe. Kwathu mwana sauzidwa za imfa. Amati akamakula adzazindikira yekha. Anamuuza kuti amayi akadali kuchipatala, n'kumupereka kwa ine kuti aziphunzira m'tauni. Ana anga awiri anali kusukulu yogonera komweko, choncho malo analipo.

Aliyense ankamutama. Popereka madzi ankagwada. Sankayang'ana wamkulu m'maso. Sankapempha kanthu, ngakhale sopo.

Tsiku limenelo ndinamuyandikira.

"Iwe, ukutani kuno?"

Anagwada pafumbipo, anthu onse akuona.

"Palibe, amalume."

"Wayamba liti kubwera kuno?"

Amene anayankha ndi mayi wa nthochi uja.

"Ndi wanu mwanayu, bambo? Akaweruka kusukulu amafikira pano. Timupatse nthochi, amakana. Makondakitala akuti angomulemba ntchito, popeza mabasi onse akuwadziwa."

Nditapereka katundu kusitolo ndinamukweza pakaliyala wa njinga. Njira yonse sindinamufunse china. Amene ankamudikira ndinkamudziwa.

Mlungu wotsatira aphunzitsi ake anandiitanitsa. Anali mayi wachitsikana, wongochoka kumene kukoleji, ndipo kalasi yake inali yodzaza moti ana ena ankakhala panjerwa. Anati mwanayo amawerenga bwino, masamu amakhoza, koma salankhula ndi munthu.

"Anzake akamasewera fulaye, iye amawasungira majuzi. Amamutcha kondakitala, iye osayankha. Dzana wina anamuponda chala mpaka chikhadabo kung'ambika. Sananene. Ndinangoona magazi pansi."

Anandionetsa pakona ya bolodi. Panali nkhope zitatu zojambula ndi choko: yoseka, yolira ndi yokwiya. Anati m'mawa uliwonse amaitana ana angapo kuti aliyense akhudze nkhope yofanana ndi mmene mtima wake ulili, n'kunena chifukwa chake.

"Ena amanama, ena amangofuna kuseketsa anzawo, koma amalankhula. Wanuyu amaima pabolodi n'kumayang'ana dzanja langa, kudikira kuti ndimuonetse yankho lokhoza."

"Ndiye nditani, aphunzitsi?"

"Muzicheza naye. Osati kumutuma, kucheza. Muzimufunsa chimene chamusangalatsa tsikulo ndi chimene chamupweteka. Inunso muzimuuza zanu, aone kuti zimanenedwa."

Ndinavomera. Ndinafika kusekondale, ndinkatha kulemba Chingelezi chimene abwana ankasayina osakonzapo kanthu, koma kucheza ndi mwana palibe anandiphunzitsa.

Ndinayamba madzulo omwewo. Ndikaweruka tinkakhala pakhonde dzuwa lisanalowe, tikuswa nsawa zimene akulu anga anatumiza kuchokera kumudzi.

"Lero chakusangalatsa n'chiyani?"

"Zonse, amalume."

"Nanga chakupweteka?"

"Palibe, amalume."

"Chala chija?"

"Chinapola, amalume."

Chinali chisanapole. Mkazi wanga, yemwe ankapeta mpunga chapafupi, anaseka.

"Inu bambo, mwasanduka wapolisi? Mukumufunsa ngati waba nkhuku."

"Anena ndi aphunzitsi."

"Aphunzitsiwo ali ndi ana angati? Mwanayu analeredwa bwino. Mukufuna azikuyankhani ngati ana a m'tauni muno, manja ali m'chiuno?"

Ankanena choncho, koma nayenso ankayesa. Loweruka ankamuluka tsitsi n'kumamusimbira za kumsika, za mayi wina amene ankakangana ndi aliyense chifukwa cha tomato. Mwanayo ankangoumitsa khosi kuti oluka asavutike. Akamukoka tsitsi mwadala kuti mwina adandaule, sankatulutsa mawu.

Tsiku lina ndinajambula nkhope zitatu zija padothi ndi kamtengo. Ndinamuuza kuti aloze yake. Anaziyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa motsitsa mawu:

"Ndiloze iti, amalume?"

Ndinazifufuta ndi nsapato.

Zomuuza zanga zija zinandikanika. Ndikatsegula pakamwa kuti ndinene chimene chandikhumudwitsa kuntchito, zotuluka zinkakhala zoti alimbikire sukulu ndi kusamala mabuku. Iye ankavomera zonse.

Mkazi wanga anamuletsa kupita kusiteshoni, ndipo anamvera. Akaweruka ankabwera molunjika kunyumba. Koma ntchito iliyonse ankaigwirira kumbali ya nyumba koyang'ana kumsewu, ndipo galimoto yaikulu ikamveka, manja ake ankaima.

Teremu ikutha ndinapitanso kusukulu. Aphunzitsi anati palibe chasintha. Kenako anandifunsa:

"Bambo, kodi mayi ake a mwanayu ali kuti kwenikweni?"

Ndinawauza. Anapukuta choko m'zala.

"Ndiye ine ndikumuphunzitsa kunena zoona za mumtima mwake, pomwe tonsefe tikumubisira zoona za mayi ake."

"Ndi mwambo wathu, aphunzitsi."

"Ndikuudziwa. Nanenso ndine wakuno. Koma ndilibe nkhope pabolodi ya mwana amene sakudziwa ngati alire kapena adikire."

Mu Ogasiti ndinapalasa njinga kupita kumudzi. Ndinawapeza akulu anga akupondera thonje m'mabelo. Titalonjerana ndinawafotokozera zonse, za siteshoni, za chala, za nkhope za pabolodi. Anamvetsera osasiya ntchito.

"Ukufuna mwanayo adwale? Mtima wa mwana ndi wanthete. Ife atate atamwalira anatiuza ndani? Sitinakule?"

"Tinakula."

"Nanga?"

"Akumadikira basi, akulu."

"Adzatopa."

"Miyezi yapita ndithu. Sakutopa."

Anatsika pabelo n'kudzisasa thonje m'miyendo.

"Sukulu yakuchulukira iwe. Chabwino, ali m'nyumba mwako. Koma ukamuuza, usadzati ndinakutuma ndine."

Ndinabwerera ndi thumba lina la nsawa. Ndinazengereza mpaka kunja kunatentha, mitengo ya mango itayamba kugwetsa tizipatso tating'ono. Mawu ndinkawakonza panjinga popita kuntchito, n'kuwagwetsa pobwerera. Ndinakonzekera kulira kwake. Ndinakonzekera kuti athawe, kapena andifunse chifukwa chimene tinamunamizira. Yankho la funso limeneli ndinalibe, komabe ndinkalilakalaka kuti lifunsidwe.

Loweruka lina masana, mkazi wanga atapita kumsika, ndinamuitana pansi pa mtengo wa mango. Ndinamuuza akhale pampando. Anakhala pansi.

"Ndili ndi mawu. Amayi ako sadzabweranso. Anamwalira kuchipatala ku Lusaka, mvula ikutha. Tinawaika komweko. Ine ndinalipo."

Anayang'ana pansi. M'manja anali ndi khoko la nsawa, ankalitembenuza.

"Wamva?"

"Ndamva, amalume."

"Ukafuna kulira, lira. Ukafuna kufunsa, funsa chilichonse. Ngakhale kundikwiyira, palibe adzakumenye."

Anaika khokolo pansi. Anagwada bwinobwino, n'kuomba m'manja mofatsa monga amachitira mwana akapatsidwa chovala chatsopano.

"Zikomo, amalume."

Ndinadikira. Nayenso anadikira kuti ndimumasule. Kenako anafunsa:

"Ndikatunge madzi?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera. Anatenga ndowa n'kupita pampopi wa m'dera lathulo. Ndinkamuona ndili pomwepo. Anaima pamzere, anadikira nthawi yake, mayi wina anamutwika. Anabwera akuyenda mowongoka, osataya ngakhale dontho.

Mkazi wanga atabwera anangondiyang'ana n'kudziwa.

"Mwamuuza?"

"Ndamuuza."

"Walira?"

"Ayi."

"Wati chiyani?"

"Wathokoza."

Anatula dengu pakhonde. Anapita kuseri kwa nyumba, nsalu ili kukamwa, kukalirira kumeneko kuti mwana asamuone. Ndinafuna kumuitana kuti alirire pompano, poonekera. Sindinathe. Mwanayo anatenga dengu lija, anasankha ndiwo n'kuyamba kusadzula.

Ndinene pano kuti anakhala nafe mpaka anamaliza Giredi 7. Kusiteshoni sanapitenso, ndipo galimoto ikamveka manja ake sankaimanso. Dzina la mayi ake sanalitchulepo. Aphunzitsi aja anasamutsidwa chaka chitatha, ndipo amene anabwera m'malo mwawo anafufuta nkhope zija chifukwa bolodi inali yaing'ono. Alendo ankapitiriza kutiyamikira kuti tili ndi mwana wosavuta. Sindidziwa ngati kumuuza kuja kunamuthandiza, kapena ndinangomulanda chinthu chimodzi chimene ankachichita mwa kufuna kwake.

Ndibwerere ku tsiku limene ndinamuuza lija. M'mawa mwake linali Lamlungu. Ndinatuluka dzuwa likutuluka kumene, n'kumupeza akusesa pabwalo. Atandiona anaika tsache pansi n'kugwada.

"Mwadzuka bwanji, amalume?"

Moyo wanga wonse funso limeneli ndinkaliyankha mwa njira imodzi, ngakhale tsiku lomwe tinabwera kuchokera kumanda ku Lusaka. Ndinanjuta kuti maso athu alingane.

"Sindinadzuke bwino. Ndamusowa mlongo wanga. Tili ana ankandibisira mbatata yootcha, akulu athu asaione. Kuyambira dzulo ndakhala ndikuganiza zimenezo."

Anayang'ana tsache lake. Milomo yake inagwedezeka pang'ono, ndipo ndinadikira.

"Pepani, amalume."

"Nanga iwe?"

"Ndadzuka bwino."

Anatola tsache n'kupitiriza pomwe analekera. Ndinaima kanthawi. Kenako ndinalowa kukhitchini, ndinatenga tsache la mkazi wanga, n'kukayambira kumapeto ena a bwalo. Ndinali ndisanasesepo pabwalo chikwatirire, ndipo ndinkangoutsa fumbi. Neba wanga, yemwe ankapukuta njinga yake kuseri kwa mpanda, anafunsa ngati mkazi wanga wadwala.

Mwanayo anabwera n'kutambasula manja awiri.

"Siyani, amalume, ndisesa ndine."

Sindinamupatse. Anaima pang'ono, kenako anabwerera kumbali yake. Tinasesa choncho, iye uko ine kuno, osalankhula, mpaka belu la kutchalitchi linalira.