Mwana Amene Agogo Sanamusambitse

Ndikakumbukira agogo aamuna, Che Saidi, chimayamba kundifika ndi fungo la lubani ndi sopo, lomwe silinkachoka m'manja mwawo ngakhale ataswera kudimba. Iwo ndi amene ankasambitsa maliro a amuna m'mudzi mwathu, kufupi ndi Nsanama. Munthu akamwalira ankadzawatenga, ndipo ife ana tinkangomvera kunja kulira kwa ndowa ndi kung'ambika kwa sanda, nsalu yoyera yokulungira mtembo. Ankakonda kunena kuti, "Munthu amafikira m'manja mwa anthu, achokerenso m'manja mwa anthu."

Mwana wawo womaliza, amalume a Yusufu, anali msilikali. Anapita ku Congo kukasungitsa mtendere, mtendere wa eni ake, n'kubwerako pa galimoto ya asilikali ali m'bokosi lokhomerera, lokutidwa ndi mbendera.

Agogo anali atatenthetsa kale madzi. Sanda anali atadula.

"Tsegulani, bwana, ndimusambitse mwana wanga."

Mkulu wa asilikali anavula chipewa. "Pepani bambo, talamulidwa kuti lisatsegulidwe. Simungapirire."

"Ine ndasambitsapo ogwidwa ndi ng'ona ku Liwonde. Ndione chala chokha, ndidziwe kuti ndi iyeyo."

"Iyayi, bambo."

Kwathu ife Asilamu sitiika munthu ndi bokosi, koma tsiku limenelo manda anachita kuwakuza kuti bokosilo likwane. Asilikali anawomba mfuti m'mwamba, nkhuku za mudzi wonse n'kubalalika. Madzi aja anazizirira m'ndowa mpaka agogo aakazi anakawataya kuseri.

Patapita miyezi asilikali anabweranso atanyamula mendulo yonyezimira, akuti mayiko akunja akuthokoza. Anthu anawomba m'manja, ena akujambula pa foni ngati paukwati. Agogo aamuna anailandira, n'kuitembenuza uku ndi uku.

"Ndiye ichi ndi chimene ndisambitse?"



Kuyambira pamenepo sanakhudzenso maliro. Ashehe atabwera kudzawachonderera, agogo anangowatambasulira zikhatho.

"Manja awa anamanidwa mwana wawo. Wa ena amutani?"

Mendulo ija ndili nayo kuno ku Balaka, m'kachitini. Ana anga amapempha kuti akaonetse anzawo kusukulu, ine ndimakana, chifukwa ndikaiona ndimapsa mtima. Ndikapita kumudzi ndimaimabe pamanda aja n'kukweza manja kupempherera amalume. Koma amene tinamuika m'menemo sindikumudziwa, ndipo agogo anamwalira asakumudziwa.