Nyale ya Buluu M'chipinda cha Mbatatesi

Ababa atabwerako ku Joni komaliza anafika ndi sutikesi imodzi, bulangeti, matenda a shuga, ndi mwala. Mwalawo unali woyera mbee, wokhakhala, wa tinthambi tifupitifupi ngati zala. Ndinaupeza pawindo ndipo ndinati laponda lamphawi, poti kuzizira kwa kuno ku Tsangano sikuchitira chifundo zidendene. Ndinapita nawo kubafa. Sabata yathunthu ndinkakwechera ming'alu, mpaka kanthambi kamodzi kanathyoka.

Atauona uli pambali pa sopo sanakalipe. Anautola, naupukuta ndi malaya awo. "Mwana wanga, ichitu chinali chamoyo," anatero.

Ndinaseka mpaka misozi. Mwala wamoyo! Koma kusekako kunali ndi mkwiyo pansi pake. Ababa anachoka ndili ndi zaka zisanu. Ku Durban ankasamala thanki yaikulu yagalasi m'nyumba mwa bwana wina, yodzaza madzi amchere, nsomba zamawangamawanga ndi miyala yamoyoyo, imene iwo ankaitchula kuti makorali. Akabwera pa Khirisimasi nkhani inali yomweyo. Akaimba foni, amayi asanamalize kunena za denga lodontha, iwo ayamba kale za nyale zatsopano za pathanki. Ndinakula, ndinakwatiwa, banja linatha, ndinabwerera pakhomo ndi ana awiri, iwo ali ndi thanki yawo.

"Munalera miyala ife tikukula ngati ana amasiye," ndinawauza tsiku lomwelo. Pakamwa panga sipachedwa, aliyense pamudzi pano akudziwa. Iwo anangoika mwala wawo m'thumba n'kutuluka.

Tinakhala chomwecho miyezi yambiri, moni ndi moni basi. Kenaka maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anatiuza mosabisa kuti shuga wadya kale mkati, chatsala n'chochepa ndipo sichikhalitsa. Ankati akafuna kapu n'kugwira mphepo. Pamenepo mantha anandigwira, chifukwa ndinazindikira kuti bambo ameneyu sanandiyang'anepo bwinobwino ndili wamkulu, inenso sindinawalolepo. Nthawi yoti tionane inali kutha ife tikunyadirana.

Tsiku lina m'mawa ndikumanga matumba a kabichi opita nawo ku Lizulu, anandiitana. "Ukandigulireko nyale ya buluu. Osati yopaka utoto, koma yotulutsa buluu yokha. Ndikufuna uone chimene ndinkaona, maso asanatseke."

Ndinang'ung'udza njira yonse, koma ndinagula. Babu loyamba analipapasa ndi chikhadabo, utoto n'kukanganuka. "Akupusitsa," anatero. Lachiwiri linali lija la m'mabala, lothwanimathwanima, lofiira kenaka lobiriwira. Anaseka mpaka kutsokomola. "Iwe, ukufuna nsomba zivine?" Ine ukali! Ndinati ngati ndi choncho akagule okha. Koma ulendo wotsatira ndinaima pa akabaza a njinga zamoto, ndinaona timagetsi tija amamata kunsi kwa njinga, ta buluu weniweni wobaya m'maso. Makaniko wina anandidulira kachingwe kotalika ngati mkono, nandionetsa polumikiza ku batire ya sola.

Ababa anayatsa, naika pafupi ndi diso. "Iyi ndiye," anatero.

Mdima tinakaupeza masana, m'chipinda chosungira mbatatesi, muja mopanda windo kuti mbatatesi zisabiriwire. Ndinatsuka botolo lalikulu la maswiti, ndinathira madzi, n'kuponyamo mchere wa kukhitchini chikhatho chathunthu. Iwo anapukusa mutu nati mchere wa m'nyanja si umenewo, koma pano palibe chimene chife. Anamizamo mwalawo. Ndikuti ndiyatse, anandigwira mkono.

"Dikira. Katenge udzu."

"Udzu wa chiyaninso, ababa?"

"Kodi nazale ya kabichi umaionetsa dzuwa lonse tsiku limodzi?"

Ndinabweretsa udzu wouma, anauyala pakamwa pa botolo, nyale pamwamba, n'kuyatsa. Tinakhala pa matumba, fungo la dothi lili guu, iwo n'kuyamba kufotokoza. Aka kanali koyamba kuti ndiwamvetsere mpaka kumapeto.

Anati miyala ija imadya kuwala monga mbewu za kumunda. Pansi pa nyanja kuwala kumene kumafika kwambiri ndi kwa buluu, ndiye posankha nyale buluu azichuluka, yoyera ikhale yongothandiza maso a munthu. Ukaika yachikasu ngati ya m'nyumba, thanki yonse imaoneka ngati chithaphwi ndipo ndere zimasangalala. Miyala ina imakonda kuwala kwambiri, imeneyo umaikhazika pamwamba. Ina yofewa imafuna kamthunzi, umaitsitsa pansi. Nyale zimayaka ndi kuzima pa nthawi yake tsiku lililonse, popeza nayonso imafuna kupuma. Sukulu sanapite nayo patali, koma akangoyang'ana mtundu wa korali ankadziwa ngati nyale yachepa kapena yanyanya. Pansi pa buluu, anati, miyalayo imawala yokha, ina yobiriwira, ina ngati lalanje lakupsa.

Ndiye chaka china bwana anagula nyale zamphamvu, nalamula kuti ziyake zonse tsiku lomwelo, alendo aone. Ababa anachonderera, koma wantchito ndi wantchito. Posakhalitsa miyala ya pamwamba inayamba kuyera. Anathamangira neti ya kudimba, naipinda kanayi pamwamba pa thanki, n'kumachotsa mpindo umodzi pakatha sabata, monga timachotsera udzu pa nazale. Yambiri inachira. Umodzi sunachire.

"Ndi uwu," anatero, akugogoda botolo. "Amabzalidwa ngati chinangwa, umadula kanthambi n'kukamata pamwala. Uwu ndinaubzala chaka chimene unayamba sukulu. Ndinkauyeza ndi chala, n'kumati kaya mwana wanga kumudzi wafika pati. Bwana ankadziwa kuti umenewu ndi wa mwana wanga, sakhudza munthu."

Ndinkafuna kuwakalipira kuti bwanji osabwera kudzandiyeza ineyo, ndinalipo, ndinkadikira pamsewu Disembala aliyense. Iwo anayamba kuchotsa udzu pang'onopang'ono, kamodzikamodzi, mpaka buluu anadzaza botolo lonse.

"Ukuwala?" anafunsa.

Ndinayang'ana. Unali mwala woyera m'madzi a buluu, wothyoka kanthambi kamene ndinathyola ndekha ndi chidendene.

"Ukuwala, ababa. Wobiriwira, wokongola zedi."

"Bodza," anatero akuseka. "Wakufa suwala. Ndakhala nayo zaka zonsezi, ungandinamize ine? Ndimadziwa kuti suwala."

"Nanga mwandivutitsiranji maulendo atatu onsewa?" Mawu anga anatuluka okwera, misozi ili chuchuchu.

"Buluu ameneyu ndi amene ndikumuonabe bwino," anatero. "Sendera kuno."

Ndinasendera. Anachotsa nyale pabotolo naibweretsa kumaso kwanga, ataitchinga ndi chikhatho kuti isandithobwe. Kenaka anatsegula zala chimodzichimodzi. Anayandikira mpaka ndinamva mpweya wawo, nandiyang'ana nthawi yaitali, pachipumi, m'masaya, pachibwano. Ine ndinangokhala phee, mayi wa ana awiri, ngati kamwana kokasambitsidwa.

"Ha, wakuladi," anatero. "Uli ndi imvi apa. Ndinachedwa, mwana wanga."

Mvula isanagwe chaka chimenecho maso anatsekeratu. Anakhala nafe zaka zina ziwiri, ine ndikuwatsogolera ndi ndodo kutchalitchi, tikukangana njira yonse za nyale ndi za kabichi. Zaka ziwiri n'zochepa, anthuni. Ndimawasowa kwambiri, ndipo ndimasowanso zaka zija zimene sitinakhale nazo.

Nyanja yamchere sindinaionepo. Ana anga anandionetsa makorali amoyo pafoni, akuwala monga ananenera, koma sindinathe kuonera mpaka kumapeto. Kachingwe ka buluu kadakalipo pa msomali m'chipinda cha mbatatesi, ndipo ndikalowa kukasankha mbewu nthawi zina ndimakayatsa. Mwalawo uli pawindo pamene ndinaupeza. Zidendene zimang'ambikabe mu Juni, ndimakwecha ndi chidutswa cha njerwa.