Mfundo ya pa mbereko

Ndikaifotokoza nkhaniyi ena amati ndathira mchere, koma ine ndine mayi wamkulu tsopano, bodza lingandipindulire chiyani? Zinandichitikira ndithu, zaka zija nkhondo ya ku Mozambique itangotha, ife kuno tili kalikiliki ndi zipani zambiri.

Kwathu, kufupi ndi nkhalango ya Chongoni, tinkasunga mayi wina wothawa nkhondo, wamasiye, wa khanda kumsana, ndipo tinazolowerana mpaka anthu ankatiyesa pachibale. Nthawi yobwerera kwawo itakwana ndinati sapita yekha, ndimuperekeza mpaka pakhomo, ngakhale unali ulendo wapansi wogona m'njira poti kumudzi kwawoko galimoto sinkafika.

Alamu anga, amene ankadutsa njira imeneyo pokagula mbuzi, anatilangiza kuti kamba wathu akhale wa zouma zokhazokha, chanyama ayi, chifukwa afisi a kumeneko anazolowera zoipa nthawi ya nkhondo ndipo munthu sankamuopanso. Ndinakazinga chimanga ndi mtedza, ndinaotcha mbatata, chigumu ndinaphika chouma bwino. Majumbo a masiku anowa tikanawatenga kuti? Ndinawamba masamba a nthochi pamoto kuti afewe, n'kukulunga chilichonse pachokha, kumanga ndi luzi, n'kulongedza mudengu.

Amayi anga zimenezi sizinawakomere. Anati kutsanzikana ndi mlendo wa miyezi yonseyi ndi chimanga chokazinga n'chipongwe, nkhuku iphedwe basi. Nditakana anangoti chete, ndipo amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti kukhala chete kwawo sikunali kugonja. M'mawa wonyamuka anamupatsa mnzangayo chitenje chatsopano choberekera mwana, chili ndi mfundo yaikulu pangodya, n'kunena kuti amangamo kachigumu ka mwana.

Tinagona pamudzi wina wa m'malire, kutacha tinalowa m'mapiri a tsidya linalo. Anthu anatichenjeza kuti phazi lisaphonye kanjira, chifukwa m'tchire munali mabomba okwirira. Masana nkhungu inatsika, yoti mnzako wapatsogolo ukungomuona ngati chithunzithunzi, ndipo ndinamva kuti kumbuyo kwathu kukubwera chinthu. Nditacheuka ndinaona fisi, wamkulu ngati mwana wang'ombe, akutitsatira mosapupuluma ngati tili ulendo umodzi.

Kuthawa tikanathawira kuti, uku bomba uku bomba? Ndinamuponyera mbatata, anangonunkhiza n'kuilumpha. Ndinaponya chigumu chonse, chimodzimodzi. Chimene chinandiopsa koposa n'chakuti ine wosenza dengu lazakudya analibe nane ntchito, anandilambalala pafupi moti fungo lake ndinalimva, maso ali pamsana pa mnzanga, pamene panali mwana.

Mnzangayo sanakuwe. Anangoima njenjenje, misozi ili chuchuchu, n'kunena motsitsa kuti nkhondo inamulanda mwamuna ndi ana awiri, ndiye uyu wotsalayu amutumiziranso chilombo, analakwa chiyani. Mawu amenewo mpaka lero amandipweteka mumtima.

Ndinatula dengu n'kuliponya pakati pa fisi ndi iye, chinyamacho chinabwerera pang'ono, ine n'kuthamangira kukamasula mwana kuti ndimufungatire kutsogolo. Dzanja langa litakhudza mfundo ija linanyowa mafuta. Kununkhiza, nkhuku! Amayi anali ataiotcha mobisa, n'kuikulunga mwachangu m'tsamba laliwisi losawamba, tsambalo linang'ambika, mafuta n'kuyenderera chitenje chonse mpaka kamalaya ka mwana. Ndinamuvula mwanayo n'kumulowetsa m'bulauzi mwanga ali mbulanda, chitenje ndi kamalaya ndinaponya kutali. Fisi anazitola n'kuzimirira m'nkhungu, ife tinatola kamba wotsala n'kuyenda osatembenuka mpaka tinamva kulira kwa mbuzi za pamudzi.

Kumudzi kwawoko ambiri ankati fisi uja anali wotumidwa. Ine sinditsutsa za eni, koma chimene ndimakhulupirira n'chakuti anatsata fungo basi, ndipo fungolo linachokera m'manja mwa munthu amene ankamukonda mwanayo ngati mdzukulu wake weniweni.

Nditabwerera, amayi anandichingamira akumwetulira, n'kundifunsa monong'ona ngati nkhuku ija inakoma. Ndinawayang'ana, ndinawauza kuti inakoma kwambiri, sipanatsale ndi fupa lomwe. Anamwalira osadziwa.

Choncho inu onyamuka ulendo wa m'tchire, phukusi lililonse limene mwapatsidwa, ngakhale ndi mayi anu okubalani, limasuleni muone musanamangirire pamsana pa mwana.