Kapinga ndi Tsache la Akazi Anga

Pamsika wa Mtendere ogulitsa akandiona amayamba kudandaula ndisanatsegule n'komwe pakamwa, chifukwa kutsitsa mtengo ndiye luso langa. Koma kapinga anandigonjetsa. Kawiri konse ndinadzala pakhomo, kawiri konse anauma, mpaka aneba anayamba kundiseka ndi dzina la dera la anthu olemera, n'kumandipatsa moni wakuti, "Muli bwanji ba Kabulonga?" Ndinalumbira kuti ulendo wachitatu ndipeza munthu wodziwa kusamala udzu, zikakanikanso ndithirapo simenti.

Oyamba kuwaitana anali anyamata a makina. Anati azidzameta mpaka pansi, ngati mutu wa msilikali. Mtengo ndinautsitsa bwinobwino, kenaka ndinakumbukira kuti choti amete palibe.

Ndiye ndinakatenga mayi wina wogulitsa kapinga m'masaka m'mbali mwa msewu waukulu. Atafika ananyonyomala, nakanda dothi ndi chala.

"Nindani apyanga pano?"

"Ndine," anayankha akazi anga, tsache lili m'manja. "Tsiku lililonse. Mufuna anthu azikamba ati nyumba ino ilibe mkazi?"

"Mupyanga bwino maningi, amai. Dothi yonse yabwino mwaipeleka ku mseu, mizu yasala pa zuba."

Mumtima ndinati basi zathera pompa, poti za tsachelo ngakhale ine sindiyerekeza kuzitchula. Koma mayiyo anaimirira, nakoka mzere ndi chidendene kuchokera pachitseko mpaka pageti.

"Uku ni kwanu, pyangani mpaka ba neba amve nsanje. Uku ni kwanga. Masamba akagwa asiyeni, ndiye vakudya va kapinga."

"Nanga vinyalala?"

"Azitola na manja aba," anatero akundiloza ndi mlomo. "Pakamwa taona ali na mphamvu, manje tione msana."

Akazi anga anaseka, koma anasuntha mzere uja ndi phazi kuti gawo lawo likule. Mayiyo anaubweza pang'ono. Iwo anasunthanso. Ine katswiri ndinangoonerera malonda abwino kuposa onse amene ndinachitapo, mpaka awiriwo anagwirana chanza.

Tinadzala kapinga kachitatu, ndipo kuyambira pamenepo mayiyo ankabwera ndi chikwakwa chake, n'kumangodula nsonga zokha. Ndikadandaula kuti udzu watalika, ankati, "Bamudala, muusiye uzipangila mthunzi."

Kapinga anapirira dzuwa la Okutobala. Mvula itagwa anayanga mpaka kudumpha mzere, kulowa mbali yosesedwa. Akazi anga anafika pamenepo ndi tsache, nayang'anitsitsa timphukirato, n'kusesa molambalala.