Kapitawo, ng'azi ya a Kalua

Anthu a ku Vinthukutu akamakumbukira a Hudson Kalua amangoti, "Aja a padipi aja, ogenda ng'azi." Mawu amenewa amandiwawa mpaka lero. Ogenda ng'azi! Pa anthu onse amene ndinawadziwa zaka zisanu ndi ziwiri zimene ndinaphunzitsa kumeneko, palibe anasamalapo ng'azi ngati bambo amenewa. Ndiye mundilole ndinene ine Ruth, mwana wa ku Dedza, amene ndinkakhala nawo pafupi, ndiponso amene ndinawononga zinthu ndi pakamwa pangapa.

Boma linanditumiza kumpoto mu 1976. Nyumba ya sukulu imene anandipatsa inayang'anizana ndi dipi, posambitsira ng'ombe kuti nkhupakupa zife. A Kalua ndiwo ankagwira pamenepo: kusakaniza mankhwala, kuyeza madzi ndi ndodo ya mizere, kukalipira abusa obwera mochedwa. Anali atapitirira zaka makumi asanu, woonda, wosakonda zoyankhulayankhula. Ali mnyamata anakadulako khonje ku Tanganyika, ndipo anabwerako ndi chipsera pamkono ndi Chiswahili chotukwanira ng'ombe zokana kulowa m'madzi. Ana awo atatu anali atakula n'kupita kwina. Pakhomo anatsala ndi akazi awo, a Keziya, amene tonse tinkawatchula kuti a NyaMsiska.

Kang'aziko anakatola mu Febuluwale 1978, m'ngalande yotayira madzi a mankhwala. Kutalika kwake, ndi mchira womwe, kunali kuchokera pachala kufika pachigongono. Maso anali atamatika, kakungophupha. Munthu wina akanakankhira ndi phazi n'kumapita. Iwo anathamanga nako kuchitsime, n'kukatsuka ndowa zinayi zathunthu.

"Mwatola vichi?" anafunsa a NyaMsiska m'Chitumbuka, kenaka poona ine ndaima pamenepo anatembenukira ku Chichewa. "Aphunzitsi, taonani anzanuwa. Amuna anzawo amabwera ndi nsomba, awa abwera ndi mbala ya mazira."

Masiku asanu ndi anayi sikanadye kanthu. A Kalua ankaviika nthenga ya nkhuku mu dzira losaphika n'kumakapaka pamlomo, m'mawa ndi masana, osatopa. Tsiku lakhumi kanatulutsa lilime lija la nthambi ziwiri, n'kunyambita. Ee, chimwemwe chake! Anawoloka msewu kudzandiuza ine ndili m'kalasi.

Anakamangira khola ndi thanki yakale yobooka, pansi n'kuthirapo mchenga. M'kati anaikamo mwala waphwatalala wothera dzuwa, chipika cha mphako chobisalamo kukatentha, ndi beseni lamadzi. Madziwo ankasintha tsiku ndi tsiku, chifukwa ng'azi ilibe ulemu, imasamba ndi kudzithandiza momwemo. Popeza kankangogona pamwalapo m'mawa wonse, kakuyang'ana anthu akutuluka thukuta ndi ng'ombe, anakatcha dzina loti Kapitawo.

Kunena zoona, ine ana a m'kalasi mwanga sindinkawayang'anira chomwecho. A Kalua akachoka padipi ankasamba m'manja ndi sopo, kenaka ndi phulusa, asanamugwire Kapitawo. Ziwala za m'minda ya thonje sankamupatsa, ati zimenezo zadya mankhwala opopera. Nkhono ankaziphwanya ndi zigoba zomwe kuti mafupa alimbe. Nkhupakupa zikamuluma m'khwapa, munthu wokhala ndi migolo ya mankhwala pakhomoyo ankazipaka mafuta odzola n'kumazitola imodziimodzi ndi munga. Mu Juni kukazizira ankawotcha njerwa, n'kuikulunga m'chiguduli, n'kuika pafupi ndi mphako ija. Khungu likayamba kufunduka ankamuviika m'madzi ofunda, ndipo ndinayesa tsiku lina kusenda kachikamba kamene kankalendewera. Anandimenya dzanja ine, mphunzitsi wa boma!

"Yayi, aphunzitsi. Chimachoka chokha. Mukakoka mumupweteka."

Chakudya ankabwera nacho m'chitini chakale cha mkaka. Asanatsegule ankagogoda ndi supuni katatu: go, go, go. Pomafika mwezi wa Okutobala Kapitawo anali atazolowera. Anali atakula ngati mkono wonse, akuyenda momasuka pabwalo, ndipo kaya ali pansi pa nkhokwe kaya m'nthochi, akangomva chitini ankabwera akupotokola thupi, mpaka kukwera paphazi pa mbuyake. Ndi a NyaMsiska omwe anali atagonja. Ndinawapezerera okha akumupatsa dzira, ndipo anandilumbiritsa kuti ndisanene.

Tsopano nali tchimo langa. Mwezi umenewo kunamveka kuti bwana wina wamkulu wa chipani adzafika ku Chilumba, ndipo nthambi iliyonse ikonze magule. Amayi tinkayeserera nyimbo pansi pa mtengo wa mango, wapampando wa nthambi yathu, a Manase Munthali, akutiyang'anira. Iwowa anali ndi gulu lawo loyimba, ndipo tsiku limenelo ankadandaula kuti chikopa cha banjo chang'ambika. Ankafuna cha ng'azi, ati ndicho chimalira bwino, koma alenje awo anabwera chimanjamanja kawiri konse chifukwa ng'azi ikangomva mgugu yalowa kale m'madzi.

Ndani anandifunsa? Palibe. Koma ine ndi kufuna kuoneka wodziwa zinthu ndinati, "Zothawazo ndi zakutchire. Ya a Kalua mukangogogoda chitini katatu imabwera yokha."

Amayi anaseka. A Manase sanaseke.

M'mawa mwake, Lachitatu, anafika padipi atavala baji yawo pachifuwa. Ine ndinali pakhonde, ndipo ndinamva zonse.

"A Kalua, anzanu apereka nkhuku, ena mpunga. Inu mupereka chikopa."

"Adada, akadali mwana uyu. Chikopa chake sichingakwane pabanjo. Ndiponso akufundula, ndi chofewa. Ndikupatsani mbuzi."

"Mbuzi nanenso ndili nazo. Kodi mukukaniza chipani buluzi? Ndikanene choncho ku ofesi, kuti munthu wolandira malipiro a boma wakaniza buluzi?"

Inu obadwa posachedwa simungamvetse kulemera kwa funso limenelo. Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewa. A Kalua anangoyang'ana pansi. A Manase anawapatsa mpaka Loweruka.

Lachisanu dzuwa likutuluka ndinawaona akumanga thumba panjinga. Anapalasa mpaka kumtsinje wa Wovwe, pamalo ena a bango lambiri, n'kumumasula Kapitawo m'thumba muja. Anandiuza pobwera kuti Kapitawo anawatsatira kawiri, ndipo kachitatu anachita kuthawa pa njinga. Maso awo anali ofiira, koma ankamwetulira. "Kuli nkhanu zambiri kumeneko," anatero. "Akanenepa."

Loweruka a Manase anapeza khola lopanda kanthu. "Wathawa," anatero a Kalua. Wapampandoyo sanakalipe. Anazungulira thanki ija pang'onopang'ono, n'kuona chitini chili pamsomali ndi supuni yake m'kati. Anachichotsa, n'kuchiika m'thumba la jekete, n'kutsanzika mwaulemu. Munthu wapanjinga wonyamula thumba logwedera sabisika kumudzi. Olima mpunga anali atamuona kale kumene analowera.

Zotsalazo tinamva kwa amayi amene ankachapa kumtsinjeko Lamulungu masana. Anafika a Manase ndi amuna ena atatu, otuluka kumene m'tchalitchi, mataye ali m'khosi. Anayenda m'mbali mwa bango akugogoda chitini chija. Go, go, go. Sanayende mtunda wautali. Kapitawo anatuluka m'madzi, n'kubwera akupotokola thupi monga mwa masiku onse, mpaka kukweza mutu paphazi pa a Manase. Mayi wina anandiuza kuti anatseka maso ndi nsalu imene ankachapa.

Ndiye mukudziwa chimene chimandipsetsa mtima koposa? Chikopacho sichinagwire ntchito! Anachikhomera pathabwa, chitauma anayesa kuchikoka pabanjo, ndipo chinaperewera zala zitatu. Atakoka mwamphamvu chinang'ambika pakati, ndendende mmene anawauzira mwiniwake. Anachiponya kudzala. Banjo anaikuta ndi chikopa cha mbuzi, mbuzi ya a Manase omwewo, imene inali pakhomo pawo nthawi yonseyi. Bwana uja anafika ku Chilumba dzuwa litapendeka, ife titapsa pamsewu kuyambira m'mawa, anayankhula pang'ono n'kukwera galimoto. Gulu la a Manase silinaitanidwe n'komwe. Banjoyo inabwerera osalira.

Zinanditengera sabata kuti ndiwoloke msewu uja. Ndinawapeza a Kalua akuphwasula khola. Ndinagwada pamchenga pomwepo n'kuulula kuti za chitini anaulula ndine. A NyaMsiska anandiyang'ana kamodzi, n'kulowa m'nyumba, ndipo anakhala miyezi itatu osandipatsa moni. Sindinawadandaule. Ndinkafuna kuti nawonso amuna awo anditukwane, ngakhale m'Chiswahili chawo chija.

"Dzukani, aphunzitsi," anatero. "Inu munangoyankhula. Amene anamuphunzitsa kubwera kwa munthu ndine."

A Manase anakhalabe wapampando zaka zina zambiri, akuyenda ndi baji yawo, akutsogolera nyimbo m'tchalitchi. Ine ndinkavinabe pansi pa mtengo wa mango iwo akuwomba m'manja, chifukwa ndikanatani? A Kalua anapitiriza ntchito yawo padipi mpaka kupuma. Sanawetenso kanthu, ngakhale galu. Ngalande ija anaiphimba ndi waya wa nkhuku kuti kanthu kasagweremonso. Mwala waphwatalala uja anausiya pomwepo, ndipo chaka ndi chaka, mvula ikatha, tiana ta ng'azi tinkabwera kudzaothera dzuwa pamenepo. Apo ndi pamene anthu anayamba kuwatcha ogenda ng'azi, ena n'kumati mutu wawo wasokonekera ndi fungo la mankhwala.

Mu 1983 ananditumiza ku sukulu ina kwathu ku Dedza. Tsiku lonyamuka ndinapita kukatsanzika. Tili chiimire, kang'azi kena kanakwera pamwalapo. Kanali kowonda, nkhupakupa ziwiri zikuoneka pakhosi. Kanatiyang'ana osaopa, n'kutulutsa lilime. Ndinaona maso a a Kalua ali pa nkhupakupazo.

Anawerama n'kutola mwala. Munthu uyu ankalasa nyanga ya ng'ombe ili kutsidya kwa dipi, ndiye akanafuna akanakaphwanya mutu. Mwalawo unamenya pambali penipeni, fumbi n'kukathira m'maso.

"Chimbira!" anakuwa m'Chitumbuka. "Thawa, iwe! Thawa!"

Kanathawira m'udzu. Iwo anakathamangitsabe, nkhalamba ya imvi, akuponya miyala mbali iyi ndi iyo, mpaka kanakalowa m'madzi.